Sofa Youma ya a Mhone

Mukafika ku Salisbury Lines n'kufunsa kuti kwa a Fyson Mhone ndi kuti, anthu amayang'anizana, wina n'kukulozerani kwa a Mhone ena ogulitsa makala. Koma mungoti, "Ndikufuna kwa a Sofa," basi, ngakhale wa sakaramento, kabaza wa kuno, amene wayamba kupalasa dzulo akukwezani panjinga mpaka pakhomo. Eni ake dzinali salikonda, koma akaitanidwa amatembenuka. Nanga atani? Dzina lachipongwe ukamalikana ndi pamene limamera mizu.

A Mhone ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, cha ku Mpamba, koma anakulira konkuno ku Mzuzu, ku Chibanja, kumene bambo awo ankaphunzitsa pulayimale. M'nyumba mwawo mwana ankatha kukhululukidwa ataswa mbale, ataba shuga, ngakhale atajomba ku tchalitchi, koma osati atalakwa samu. Fyson anakula akudziwa kuti munthu ndi satifiketi, zinazi ndi zovala chabe. Fomu folo anakhoza, osati moti anthu n'kuimba nthungululu ayi, koma anakhoza. Anakwera basi ya ku Lilongwe ali ndi layisensi m'thumba, atalumbira kuti sadzabwereranso kudzapuma nkhungu ya ku Mzuzu.

Ku Lilongwe anakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anayamba ngati dalaivala pa bungwe lina la azungu loona za umoyo, kenako anawakweza kukhala woyang'anira galimoto zonse za bungwelo. Galimoto zonsezo zinali zitatu, ndipo imodzi inangokhala pa njerwa kuseri kwa ofesi, matayala anabedwa kalekale. Koma udindo ndi udindo. Chitupa cha kuntchito ankachikoleka m'khosi ngakhale popita ku maukwati a eni ake. Anakwatira a Esme a ku Ntcheu, telala, mayi amene singano yake ndi lilime lake zimathamanga liwiro limodzi. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Rejoice.

Wachinayi m'banjamo anali sofa. Bwana wawo wachizungu pobwerera kwawo anagulitsa katundu, ndipo a Mhone anatola sofa yoyera ngati mkaka, yaitali ya anthu atatu ndi timipando take tiwiri. Tsiku limene inalowa m'nyumba ku Area 25, malamulo analowa nawo. Wadya usipa asayandikire. Wadzola mafuta m'miyendo aime kaye. Rejoice anakula akuonera TV atakhala pamkeka, sofa ili kumbuyo kwake ngati mlendo wolemekezeka amene anabwera kudzacheza n'kuiwala kubwerera. Amene ankakhalapo ndi abusa, nawonso atayalidwa chitenje.

Ndiye kunabwera chaka chimene azungu anatseka mpopi wa ndalama. Bungwe linatha m'mwezi umodzi, chitupa cha m'khosi chinasanduka chidole. Lilongwe sadziwa kuti munthu wachotsedwa ntchito. Landilodi anakweza lendi, madzi anakwera, minibasi inakwera, tomato yemwe anayamba kudzimva. Zinafika poti a Mhone asankhe: kukhalabe mu likulu n'kumutulutsa mwana sukulu, kapena kusamuka mwana n'kumaliza.

Pakuti Rejoice anali akulowa fomu folo, ndipo mtima wake wonse unali pa unamwino. Anali mwana wachete, wolemba timalemba ting'onoting'ono tooneka ngati tasindikizidwa. Chuma chake chinali katoni ya sopo yodzaza makope. Kuyambira fomu wani, chilichonse chimene aphunzitsi ake a sayansi ananena anachilemba, n'kuwonjezera m'mbali mwa tsamba mmene iye mwini wachimvera, zina m'Chichewa, zina ndi tizithunzi. Makopewo anawakutira ndi makalendala akale. Amayi ake ankati nyumba itapsa, mwanayu angatuluke ndi katoni n'kuwasiya iwo m'kati.

"Tikusamukira mwanayu," anatero a Mhone, dzanja lili pachifuwa. "Ine bola ndidye masamba, koma Rejoice alembe mayeso."

Amenewo anali mawu a m'nyumba. Kwa anzawo a kutchalitchi ananena kuti Lilongwe yadzaza, fumbi lawakwana, akupita kukapuma mpweya wabwino kumpoto.

Nyumba anaipeza pa foni, kudzera kwa ejenti, mwezi wa Seputembala dzuwa likuswa mtengo. Zithunzi zinali zokongola: zipinda zitatu, magetsi, mpopi pakhomo, lendi yake yoti ku Lilongwe ungapezere chipinda chimodzi chogawana ndi mbewa.

"Bambo a Rejoice," anafunsa a Esme, "nyumba yotchipa chonchi yalakwa chiyani?"

"Yalakwa kukhala ku Mzuzu basi. Kumeneko n'kwathu, ndimadziwa ngodya iliyonse. Inu a ku Ntcheu mungandiuze za kachewere, osati za Mzuzu."

Posamuka, sofa inakulungidwa m'mabulangete onse a m'nyumba, n'kuikidwa pakati pa lole, a Mhone atakhala pambali pake kuilondera. A Esme ndi Rejoice anakwera basi, ndipo podutsa pa Chikangawa mano ankagundana ndi kuzizira, mabulangete atafunda mpando.

Nyumba anaipeza monga inalili pachithunzi. Chimene chithunzi sichinanene n'chakuti inali kumunsi kwenikweni, kumene msewu umatherera n'kuyamba nzimbe. Makoma anali opakidwa penti wofiirira kuchokera pansi mpaka m'chiuno, kumwamba koyera. A Mhone anayamikira kuti landilodi ndi munthu wodziwa kukongoletsa. Atasuzumira m'nyumba za anzawo anaona mabedi ali pa njerwa, makabati pa njerwa, ngakhale thumba la ufa litakwezedwa pa njerwa. Anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti chitukuko chili ndi ulendo wautali.

Asanamalize kumasula zingwe, kunamveka kulira kwa wilibala.

"Odi kuno! Monire mose. Mwayenda uli?"

Anali mayi wamfupi wojintcha, atavala juzi ziwiri. Anati ndi Nyagondwe, wa nyumba yoyandikana nayo, amagulitsa kaunjika mumsika. M'wilibalamo munali njerwa zowotcha, zosanjidwa bwinobwino. Kumunsi kumeneko ndiwo mwambo wake. Kwina mlendo amalandiridwa ndi nkhuku kapena mbale ya ufa, koma m'mzere wa nyumba umenewu amalandiridwa ndi njerwa, ndipo amene wakhalitsa ndiye amabweretsa.

"Izi ndi za bedi, izi za kabati," anatero Anyagondwe akuloza. "Zotsalazi ndi za mpando wanu wokongolawu. Musanjike zitatuzitatu mwendo uliwonse. Kuno vula ikabwera sigogoda, adada."

A Mhone anayang'ana njerwa, n'kuyang'ana sofa, n'kuyang'ananso njerwa.

"Amayi, mpando uwu unachokera ku Ulaya pa sitima. Wakhala ku Area 43 m'nyumba ya mzungu. Lero ukwere njerwa ngati galimoto yobedwa matayala?"

"Yewo chomene, amama, mwatithandiza," analowererapo a Esme, amene anali ataphunzira mawu awiriwo m'basi. Koma mawu anali atatuluka kale.

Anyagondwe sanakwiye. Anawayang'anitsitsa a Mhone, mutu atapendeketsa.

"Kodi si inu mwana wa aphunzitsi Mhone a ku Chibanja? Enya, ndinu! Pamene mwaimapo ndi pamene munkagwira milamba ndi alongo anga muli ana."

"Ayi, kumeneko kunali kudambo, kumunsi uko."

"Kumunsi kwake n'kuno, adada."

Atachoka, a Mhone anakakhuthula njerwa zonse kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala. Safunsa anadya phula, amatero, koma awa anachita kuuzidwa asanafunse n'komwe.

Moyo unayamba kuyenda. A Mhone anapeza ganyu yoyendetsa kagalimoto ka munthu wina, konyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay. Akafunsidwa ntchito ankati, "Ndidakali mu transport," ndipo silinali bodza. A Esme anaika makina awo pakhonde n'kuyamba kusoka mayunifomu. Lendi inkalipidwa, fizi inkalipidwa, nyama inkaoneka Lamlungu. Kunena zoona, Mzuzu anawalandira bwino kuposa mmene iwo anamulandirira.

Rejoice anapeza malo pa sekondale ina yoyendera. Aphunzitsi anali akhama, koma buku limodzi la sayansi linkagwiridwa ndi ana khumi, ndipo katoni ya sopo ija inasanduka nkhani m'kalasi. Amene anapindula kwambiri anali Lusungu, mwana wa Anyagondwe, wa kalasi imodzi ndi Rejoice, nayenso wofuna unamwino. Madzulo alionse akaweruka, atsikana awiriwo ankakhala pa tebulo lodyera, limene linali tebulo lowerengera la Rejoice, Lusungu n'kumakopera notsi kope ndi kope. Anayambira Biology ya fomu wani, osadumpha ngakhale tizithunzi ta m'mbali tija.

Tsiku lina Rejoice anapempha foni ya bambo ake kuti ajambule masamba onse asungike. A Mhone anakana. Anati foni ndi imene yaononga ana a masiku ano, komanso yadzaza. Inalidi yodzaza, ndipo zithunzi zambiri zinali za pabalaza.

Mvula inayamba, Disembala n'kudutsa, Januwale n'kudutsa. Madzi ankafika pakhonde n'kubwerera. A Mhone akakumana ndi Anyagondwe ankafunsa mwaulemu wonse, "Chigumula chathu chija chafika pati, amayi? Kapena chasowa transport?" Anyagondwe ankangoseka n'kunena kuti Epulo sanafike. A Esme sanadikire Epulo. Anakatola njerwa kudzala kuja n'kukweza makina awo, bedi ndi thumba la ufa. Amuna awo atadandaula anawayankha kuti makina awo sanachoke ku Ulaya, anachokera ku Lizulu, njerwa amazidziwa. Koma pabalaza sanakhudzepo. Pamenepo panali pa ufumu wa eni ake.

Pa 12 Febuluwale Lusungu anafika atanyowa ndi mvula yowaza ija ya ku Mzuzu, imene sioneka koma imalowa mpaka m'mafupa. Pofuna kuvula nsapato zamatope kuti asadetse pansi, anakhala pang'ono pamphepete pa sofa. Atanyamuka panatsala chizindikiro chonyowa, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Tsoka lake, tsiku limenelo a Mhone anaweruka msanga.

Kukalipa kwake kunamveka mpaka kunzimbe.

"Kwanu kulibe mipando? Kapena mumaikweza kudenga mpaka munaiwala kakhalidwe kake? Tuluka! Ndipo iwe Rejoice, makope amenewa ndinalipira ndine, ku sukulu ya ndalama, ku Lilongwe. Sindinatsegule laibulale ya Salisbury yonse. Lisatuluke m'nyumba muno ngakhale limodzi!"

Lusungu anatola kope lake ndi nsapato n'kutuluka asanazivale n'komwe. Rejoice analira mwakachetechete, ndipo popeza anali mwana womvera, anamvera. Chizindikiro chija chinauma mawa lake lomwe osasiya kanthu.

Epulo anafika. Mvula inagwa masiku atatu osapuma, yopanda mabingu, yopanda mphepo, yongotsika ngati munthu amene walipidwa pa tsiku. Tsiku lachitatu linali Loweruka. Rejoice anapita ku makalasi owonjezera, a Esme anapita kumaliro ku Kaning'ina ndi amayi a kutchalitchi, ndipo mwini galimoto anati isatuluke, msewu wa kunyanja ukuterera. A Mhone anatsala okha, miyendo pampando, akumwa tiyi.

Cha m'ma teni koloko anaona kamzere ka madzi kakulowa pansi pa chitseko. Anakapukuta ndi chiguduli. Kanabweranso ndi anzake. Atatsegula chitseko anapeza kuti bwalo kulibe, msewu kulibe, nzimbe zikuoneka nsonga zokha. Dambo la milamba lija linali litabwera kudzaona amene anamanga pamalo pake.

"A Shadrick! A Shadrick, thamangani!"

A Shadrick anali bambo wa sakaramento wokhala kuseri, amene kwawo zonse zinali kale pa njerwa, ndiye anali ndi mpata. Anafika atapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Tikweze chiyani, abwana?"

Funso lake linali lachabe. A Mhone anali atagwira kale mbali imodzi ya sofa. M'nyumba monse malo okwera ndi olimba anali amodzi okha, tebulo lodyera, ndipo patebulopo panali katoni ya sopo. A Shadrick anaitsitsa n'kuigwira m'manja, akuyang'anayang'ana poika. Madzi anali asanafike pakona ya kuchipinda, ndiye anaikhazika pamenepo. Anakweza sofa yaitali patebulo, mbali zake zikulendewera, n'kusanjika timipando tiwiri pamwamba.

"Katoni ija tiike pamwamba apa," anatero a Shadrick. "Malo alipo."

A Mhone anayang'ana pansi pa katoniyo. Panali fumbi, ndi kadontho ka mafuta ophikira.

"Idetsa. Isiyeni pomwepo, ndiichotsa pompano."

Anthuni, mawu amenewa a Mhone amawakumbukira mpaka lero, ndipo a Shadrick anaonetsetsa kuti Salisbury yonse iwakumbukire nawo.

Pompano wakeyo anachedwa. Panali TV yoti ikwere pa kabati. Panali nsapato zawo za ku ofesi. Denga linayamba kudontha cha pamwamba pa tebulo, ndiye panafunika pulasitiki yophimbira sofa, ndi munthu woigwira kuti isaterereke. Madzi anadutsa akakolo, anafika m'katumba, anayandikira mawondo. Sanali madzi a mvula okha ayi. Kumunsi kumeneko zimbudzi ndi zokumba, ndipo zikadzaza zimapereka zimene zinasunga. Fungo lake linali losafuna kufotokozera.

A Mhone anaima pakati pa balaza, manja ali m'mwamba atagwira pulasitiki, mtima uli m'malo kuti ntchito yaikulu yatheka. Ndiye panadutsa pepala likuyandama pang'onopang'ono, n'kudzagunda bondo lawo. Panali chithunzi cha mtima wa munthu, chojambulidwa ndi bolopeni yofiira ndi yabuluu, timivi tikuloza uku ndi uku. Timalemba ting'onoting'ono tija tinali titayamba kusungunuka.

"Mayo ine!"

Anasiya pulasitiki n'kuthamangira pakona. Katoni inali itafewa ngati buledi wa mu tiyi. Ataikweza, pansi pake panatseguka, makope onse khuu m'madzi.

Madzi anayamba kuphwa cha m'ma thuu koloko. Rejoice anafika nsapato zili m'manja, siketi atakwinyira m'mawondo. Anaima pakhomo. Anaona tebulo lake, anaona sofa ili pamwamba, yoyera mbee, yopanda ngakhale kadontho. Anaona bambo ake atagwada m'matope akutola mapepala n'kumaika m'beseni.

"Adadi, katoni ili kuti?"

A Mhone anangoloza beseni. Rejoice anayang'ana m'beseni muja, n'kulowa kuchipinda. Sanakuwe, sanamenyetse chitseko. A Mhone akanakonda akanakuwa.

A Esme ndiwo anakuwa, atabwera kumaliro.

"Zikomo kwambiri, bambo a Rejoice! Mwagwira ntchito. Mwana wanu woyamba wapulumuka, ali gone patebulo. Ndiye mumuuze akalembe mayeso mu Julaye, akakhale namwino, azikatibaya jakisoni tikakalamba!"

Anayesa zonse. Anayanika makope padenga, koma dzuwa la ku Mzuzu mu Epulo limatuluka ngati wangongole, kungosuzumira n'kubisala. A Esme anayesa kusita masamba ndi ayironi, inki n'kumangofalikira. Ambiri anamatana kukhala chibuma chimodzi, ndipo fungo lija silinachoke. Tsiku lachinayi Rejoice mwini anawanyamula n'kukawataya kudzala, pamene panali njerwa paja. Mayeso anali atatsala masabata khumi ndi limodzi.

A Mhone sanadye bwino masiku amenewo. Chisoni chinawagwira chenicheni, cha munthu amene alibe womuloza chala. Akanati alakwa ndi landilodi, landilodi anachita kuwapakira penti mpaka m'chiuno. Akanati sanauzidwe, wilibala inalira Salisbury yonse ikumva. A Esme ndiwo anawakumbutsa, akusoka osawayang'ana, kuti notsi zina zili khomo lachiwiri, ngati miyendo yawo ya ku Area 25 ingathe kufikako.

Anapita Lamlungu masana, atavala jekete.

"Odi, amama."

"Odini, adada. Njirani."

Anyagondwe anawapatsa benchi. Benchilo linali pa njerwa zitatuzitatu, moti a Mhone atakhala, mapazi sanafike pansi. Bambo wa zaka makumi asanu, woyang'anira galimoto zonse, miyendo ili lendelende ngati mwana wa sitandade wani. M'nyumbamo madzi analowanso, chizindikiro chinali pakhoma, koma palibe chimene chinanyowa kupatula mkeka.

Anapepesa. Anayamba mozungulira, za nyengo, za ngalande zimene anthu anatseka, koma Anyagondwe anawadikira mpaka a Mhone anafika pa mawu enieni. Anati analakwa pa za njerwa, analakwa pa za mwana, ndipo abwera kudzapempha.

"Palije suzgo, adada, palibe vuto. Madzi amatiphunzitsa tonse. Lusungu! Bweretsa makope aja."

Lusungu anabwera nawo, n'kugwada powapereka. A Mhone anatsegula loyamba. Biology inalipo yonse, fomu wani mpaka pamene anafika, tizithunzi tonse, ngakhale mtima uja ndi timivi take. Anapuma mpweya waukulu. Anatsegula la Chemistry. Tsamba loyamba, lachiwiri, lakhumi, lakhumi ndi chisanu. Kenako chiganizo chinathera pakati, chopanda mpumiro, ndipo kunsi kwake kunali mizere yopanda kanthu. Anatembenuza tsamba, loyera. Linanso, loyera. Pamwamba pa tsamba lomaliza kulembedwa panali deti: 12 Febuluwale.

"Zinazo zili m'kope lina?"

"Yayi, adada. Ndinalekera pamenepo. Ndi tsiku lija ndinanyowetsa mpando."

Ananena mopanda mwano, maso ali pansi, ngati akupepesanso. A Mhone anafunsa za Physics, Lusungu n'kunena kuti anali asanayambe, ankati akamaliza Chemistry. Anakhala pabenchi paja kope lili pamiyendo, akuyang'ana mizere yopanda kanthuyo. Anyagondwe anawapatsa tiyi, ndipo anamwa osamva kuti muli shuga kapena ayi.

Tisawanamizire, anayesetsa. Biology anakaichita fotokope m'tauni tsiku lotsatira. Anagula timabuku ta mafunso akale pamsika. Akanyamula munthu wooneka ngati mphunzitsi m'galimoto, ankamufunsa ngati ali ndi notsi za Chemistry, mpaka anzawo pa siteji anayamba kuwatcha a pulofesa. Anakaitana Lusungu okha kuti azibweranso kudzawerenga, ndipo anabweradi, koma ankakhala pamkeka ngakhale amuuze kuti akhale pa sofa. Atsikana awiriwo anawerenga mpaka maso kufiira. Koma notsi za eni ake ndi za eni ake. Zimene mwana anazimanga zaka zitatu ndi theka m'mawu akeake sizibwerera m'masabata khumi.

Lero mukapita kwa a Sofa mupeza zonse zili pa njerwa, tebulo, kabati, ndi mpando wa ku Ulaya womwe, zitatuzitatu mwendo uliwonse. Anayesa kuugulitsa, koma ku Salisbury ndani angagule mpando woyera? Wilibala ija masiku ano amayendetsa ndi iwo. Kukabwera lole ya anthu osamuka ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo zikubwera zambiri, a Mhone amafika zingwe zisanamasulidwe. Ena amalandira. Ena amayang'ana njerwa n'kufunsa ngati iwo akuoneka ngati anthu a pa njerwa. A Mhone sakangana nawo. Amangokhuthula pakhonde n'kunena kuti, "Muyambe kukweza za mwana." Nkhani ya chigumula amaifotokoza kwa aliyense, mpaka kuya kwa madzi amaloza pa mwendo.

Chimene safotokoza ndi cha tsiku limene Rejoice anabwera ndi kapepala ka zotsatira. Biology anakhoza mapeto, iye ndi Lusungu yemwe, moti aphunzitsi anawatchula maina pa asembule. Chemistry ndi Physics onse awiri anangodutsa pang'onong'ono, ndipo kusukulu za unamwino zimene ankazifuna kudutsa kotero sikulowetsa munthu pageti. Chaka chino akubwereza, onse awiri.

Tsiku limenelo a Mhone anafika kuchokera ku Nkhata Bay atanyamula nthochi ndi chinangwa. Anapeza a Esme pakhonde makina ali chete, ndipo anadziwiratu. Rejoice anali kukhitchini akutsuka mbale.

"Mama, zatuluka?" anamufunsa mwanayo.

"Zatuluka, adadi."

"Pepala lili kuti?"

Anayang'ana patebulo, panalibe. Anayang'ana pa kabati, panalibe. Rejoice anatulukira pakhomo la khitchini akupukuta manja pa chitenje, n'kuloza ndi chibwano. Kapepalako kanali pakati penipeni pa sofa, katayalidwa bwinobwino.

"Ndaika pouma, adadi," anatero, n'kubwerera ku mbale zake.